Chingerezi cha a Damião

M'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Ruo, poyang'anizana ndi phiri la Tumbine, munali munthu mmodzi yekha wodziwa Chingerezi, ndipo munthuyo anali a Damião. Ali mnyamata anawoloka mtsinje n'kukagwira ntchito yoperekera mbale patebulo la mzungu pa esiteti ya tiyi ku Mulanje. Pobwerako anabwera ndi njinga, jekete loyera, ndi mbiri. Njinga inatha, jekete linadyedwa ndi njenjete, koma mbiri ija inkangonenepa chaka ndi chaka.

Chinyanja, Chilomwe ndi Chipwitikizi aliyense ankalankhula, ngakhale mwana wamamina. Chingerezi chinali cha a Damião okha. Akalawa kachasu ankakalipira nacho agalu, agaluwo n'kuthawadi. Munthu akagula botolo la mankhwala ku Malawi ankabwera nalo kwa iwo. Iwo ankaliyang'ana chapatali, kenako chapafupi, n'kutsokomola, n'kunena kuti azimwa m'mawa ndi madzulo. Botolo lililonse yankho linali lomwelo, ndipo mwa chifundo cha Mulungu palibe amene anafa nalo. Zoona zake, zimene ankazidziwa iwo okha, n'zakuti Chingerezi chawocho chinali cha patebulo basi. Mzungu uja akayamba kucheza ndi alendo ake, a Damião ankangomva phokoso ngati mvula padenga la malata.

Nkhondo itafika ku Milange, tauni yapafupi ndi mudziwo, chilichonse chinasanduka mlandu. Ukagula mchere wambiri ankati ukudyetsa anyamata a m'tchire, amene ankamenyana ndi boma aja. Ukanenepa ankafunsa amene akukupatsa, ukaonda ankati umagona kuti. Anthu anaphunzira kupatsana moni akuyang'ana kumapazi kwa mnzawo kuti aone matope a kumene wachokera. A Damião nawo anali katswiri pa zokayikira anzawo, tisawabisire. Ankakhala pakhonde n'kumaona aliyense wodutsa, mumtima akumuzenga mlandu.

Moyandikana nawo munkakhala mayi wina wamasiye ndi mwana wake Deolinda. Mchimwene wake wa Deolinda anatengedwa ndi a m'tchire akuweta mbuzi, ndipo chichokereni nyumba imeneyo anthu ankaiyang'ana ndi diso la kumbali. Mtsikanayu ankaphunzira sekondale kutsidya, ku Malawi, akugonera kwa azakhali ake, Loweruka n'kumabwera kudzathandiza amayi ake kumunda. Chaka chimenecho anali Fomu Folo, mayeso omaliza ali pakhomo.

Mphekesera inayamba ndi amayi otola nkhuni. Anati m'munda wa chinangwa wa kwa Deolinda mukumveka mawu achilendo: mtsikana akulankhula, mwamuna wa mawu aakulu akuyankha, koma ukasuzumira mwamunayo osaoneka. Nanga mwamuna wolankhula wopanda thupi angakhale ndani kupatula wailesi ija amayenda nayo a m'tchire? Pofika Lamlungu nkhani inali itamera miyendo. Wina anali ataona ndi waya womwe.

Julião, sekeretale wa chipani cholamula m'mudzimo, anabwera pakhonde la a Damião. Anali munthu wofatsa kale, koma mantha anali atamuumitsa, poti iyenso akuluakulu ake ankamukayikira. Anawauza kuti akabisale m'chinangwamo amve zimene mwanayo akuuza adani, ndipo akapanda kubwera ndi yankho, iye amutenga mtsikanayo n'kupita naye kwa asilikali kutauni akamufunse okha. Onse awiri ankadziwa kuti wopita kumeneko sabwera ali yemwe uja.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Loweruka masana a Damião anakwawa m'mizere, mawondo akulira, linthumbu likuwaluma m'miyendo. Anamupeza Deolinda ataimirira pachulu, khasu lili pansi. Wailesi panalibe. Mtsikanayo ankalankhula ndi mawu ake, kenako n'kutembenuka, kutukula chifuwa, n'kudziyankha ndi mawu a mwamuna. A Damião anatchera khutu mpaka thukuta, koma anatolapo mawu awiri okha: magazi ndi mpeni, amenenso anawadziwira kukhitchini. Mwana wabwinobwino angamalankhule za magazi ndi mpeni yekha pachulu?

Linthumbu ndi limene linawaulula. Deolinda atawaona sanathawe, anangowapatsa moni mwaulemu, koma maso ake anafunsa amene wawatuma. Iwo anati amafuna mbuzi yawo. Onse ankadziwa kuti mbuzi alibe.

Pofuna kubisa manyazi, anamuuza kuti awafotokozere m'Chinyanja zimene amanenazo, ati aone ngati iyeyo akuzimvetsa. Deolinda anati ndi sewero lakalekale la ku Mangalande limene adzafunsidwe pa mayeso a Chingerezi, Chingerezi chake chokalamba moti eni ake omwe amachita kuphunzitsidwa. Aphunzitsi anawauza kuti aloweze zigawo zina pamtima. Buku sankawoloka nalo, poopa kuti asilikali a pamalire akaona mapepala a chilankhulo chachilendo amufunsa zambiri. Choncho ankalinyamula m'mutu.

Nkhani yake inali ya mfumu imene inafa n'kusiya ana aamuna awiri. Aliyense ankati mpando ndi wake, aliyense anasonkhanitsa anthu ake, ndipo pomaliza anaphana. Anafanso ndi amene analibe nawo kanthu: wophika, wotsegula chipata, mtsikana wotunga madzi. Anatsala mayi awo okha, akulira pakati pa mitembo.

"Ndiye wolakwa ndani pa awiriwo?" anafunsa a Damião.

"Funso la pa mayeso ndi lomwelo, bambo. Ine ndimayankha kuti onse."

A Damião anayang'ana uku ndi uku ngati chinangwa chili ndi makutu. Anazindikira kuti zoona zake n'zoopsa kuposa wailesi ija. M'dziko limene abale akuphana, kunena kuti onse ndi olakwa, pamaso pa Julião? Usiku sanafune n'kudya komwe. Ankamukayikirabe mwanayo pang'ono, chifukwa kukayikira kunali kutawalowa m'mafupa, komanso ankamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinapambana.

Kwa Julião anakanena kuti ndi zakusukulu chabe, malangizo a kalimidwe ndi ukhondo. Julião anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati ngati zili choncho, mwanayo adzalankhule pamsonkhano, iwo azimasulira, mudzi wonse udzimvere wokha.

Msonkhano unachitika pabwalo la tchalitchi, mapemphero atatha. Mwatsoka, tsiku limenelo kunabwera lole ya asilikali, ndipo mkulu wawo, tenente wamng'ono wa ku Quelimane, anakhala pampando kutsogolo, mfuti ili pamiyendo. Deolinda anaimirira. Anayamba ndi mawu a mwamuna aja, anthu n'kuyang'anizana, ena manyazi atawagwira. Atapuma, a Damião anakonza kolala.

"Akuti nyemba musabzale mothithikana," anatero.

Deolinda anatembenuka n'kuwayang'ana. Zimene ananena iye zinali za m'bale akulumbira kuti amwa magazi a m'bale wake. Anapitiriza, iwo n'kumasulira za kusamba m'manja. Anapitirizanso, iwo n'kunena za kukumba zimbudzi. Ankayamba kumasulira iye asanamalize, pena n'kudikira iye atamaliza kalekale, ndipo pamenepo mtsikanayo anazindikira kuti mkuluyu sakungobisa nkhani ayi, sakumva ngakhale pang'ono. A Damião anaona m'maso mwake kuti wadziwa. Chinsinsi chimene anachisunga moyo wawo wonse chinali m'manja mwa mwana, monganso moyo wa mwanayo unali m'manja mwawo.

Tenente anati amve china. Deolinda anali atatsala ndi chigawo chimodzi chokha chimene anachiloweza, cha mayi wa m'sewero uja wolira ana ake. Anachiyamba bwinobwino, koma chapakati mawu anayamba kunjenjemera, misozi n'kutsika. A Damião anati akudandaula kuti mvula yachedwa.

Palibe mzimayi pabwalopo amene anakhulupirira zimenezo. Anali amayi amene ana awo ena anavala yunifolomu ya boma, ena anatengedwa kutchire, ena uku ndi uku m'mimba imodzi. Maliro safuna womasulira. Amayi ake a Deolinda anadzifunditsa chitenje kumaso. Mayi uja anaona waya ndi amene anayamba kunena kuti zoonadi mvula yachedwa chaka chino, anzake n'kuvomera, chikhalirecho chimanga chinali chitauma kale m'minda kudikira kukolola.

Tenente anaseka, n'kunena kuti ana a sukulu za ku Malawi amalira ndi zinthu zopanda pake. Anauza Julião kuti asamataye nthawi ya asilikali ndi miseche ya amayi. Mlandu unathera pomwepo. A Damião anali pafupi kukhala pansi pamene tenente anawagwira paphewa.

Anati wakhala akufunafuna munthu ngati iwo. Kutsogolo kumene kunali nkhondo kunabwera asilikali a dziko lina odzathandiza, olankhula Chingerezi, ndipo womasulira wawo anaponda bomba. Anawauza kuti akatenge bulangete, lole inyamuka posachedwa.

Deolinda anasuntha phazi, pakamwa patatseguka. Akanangonena kuti mkuluyu sadziwa kanthu, akanawapulumutsa, koma pamenepo tenente akanafunsa chimene chinanenedwa kwenikweni. A Damião anafika pafupi naye msanga, ngati akumuyamikira.

"Tseka pakamwa, mwanawe," anatero motsitsa. "Woloka lero lomwe. Ukalembe mayeso akowo, ndipo Loweruka usabwere."

"Nanga inu, bambo?"

"Ine ndikaona konko."

Anakatenga bulangete, chitseko anangochikoka osamanga. Anthu anawaperekeza mpaka pamsewu, ena akunena monyadira kuti mudzi wawo watulutsa munthu wofunika ku boma. A Damião anakwera kumbuyo kwa lole, pakati pa anyamata osaposa zidzukulu zawo. Lole ikukhota, anaona mutu wa Deolinda ukutsetsereka kanjira ka kumtsinje, amayi ake akumukankha kumsana kuti afulumire. Apo mtima unakhala pansi, mantha a moyo wawo n'kubwera bwinobwino.

Anatseka maso n'kuyamba kusonkhanitsa Chingerezi chonse chimene anali nacho, kuti aone chingawafikitse pati. Anatchula chamumtima mayina a supuni, mbale, msuzi, moni wa m'mawa ndi kupepesa. Mawu anawathera lole isanatuluke n'komwe m'minda ya m'mudzimo. Kwawoko sanaonekenso.