Nsawawa za Maluwa Ofiirira ku Matundo

Amuna anga atapeza ntchito yoyendetsa galimoto ku Moatize, tinachoka ku Angónia n'kudzakhala ku Tete. Chimene ndinkachisowa kwambiri kuno chinali nsawawa. Kwathu kumapiri zimamera ngakhale utaziponda ndi chidendene, koma kuno dzuwa limaotcha ndi miyala yomwe.

Ndinapeza kadimba ku Matundo, m'mphepete mwa Zambezi, kamene kanakhala zaka kasakulimidwa. Dimba loyandikana nalo linali la mayi wina wachinyungwe, wolima therere ndi tomato. Iwowo ndi amene anandiletsa kufesa m'mwezi wa Marso.

"Dikirani mwezi wa Maio, amayi, mphepo ya m'mawa ikayamba kuluma zala," anatero. "Ndipo mufese zazifupi zija zocha msanga. Zoyanga zimachedwa, kutentha kumazipeza zisanabereke."

Ndinamvera. Ndinagula kumsika nsawawa zazifupi, za maluwa oyera, zosafuna mitengo, n'kufesa Maio ali pakati.

Zitamera, m'mawa wina ndinapeza mabango atazikidwa m'mizere yonse, omangidwa ndi luzi pamwamba monga timachitira kwathu. Nthaka inali yothiriridwa kale. Mapazi panalibe, kupatula anga adzulo lake.

Ndinapita kukathokoza anzangawo. Anayang'ana mabangowo nthawi yaitali, khasu lili m'manja.

"Si ine," anatero, n'kupitiriza kulima atandifulatira.

Ndinazula mabango onse n'kukawataya mumtsinje. Kutacha ndinawapeza ali chilili m'malo mwake, akudontha madzi. Sindinawakhudzenso.

Nsawawazo sizinakhale zazifupi. Zinagwira mabango n'kukwera mpaka kundipitirira msinkhu, ndipo maluwa ake anatuluka ofiirira. Apa m'pamene anzanga aja anandiitanira pamthunzi wa msawu.

"Dimba limeneli ankalima bambo wina wa ku Tsangano, kumapiri kwanu komweko," anatero motsitsa mawu. "Wamakani. Ankangofuna zoyanga zakwawo, za maluwa ngati amenewo. Chaka china anafesa, n'kutsikira kumadzi kukadula mabango. Tinangopezako chikwanje ndi nsapato. Ng'ona, amayi. Mtembo sunaoneke."

Amuna anga nditawafotokozera anaseka. Anati mbewu za munthuyo zinangogona m'nthaka. Sindinatsutse, koma ndinkadziwa kuti nsawawa sigona zaka m'dothi limene madzi amasefukiramo. Imaola.

Tsiku lothyola linafika. Linali masana, dzuwa lili paliwombo, madimba onse ali zii. Ndinalowa mumzere woyamba ndi dengu. Ndikathyola, kuseri kwa masamba kunkamvekanso thyo. Ndikathyolanso, thyo. Ndinaima. Uko kunapitirira pang'ono, kenako kunaimanso, ngati munthu wodikira mnzake. Fungo la matope a pansi pa mtsinje linandikuta. Masamba anali othithikana, ndipo sindinafune kuwapatula.

Ndinalankhula monga ndikanalankhulira ndi munthu wakwathu.

"Bambo, pepani, ndinalowa osaodira. Ngati ndi zanu, tengani."

Bango limodzi lokha linagwedezeka, popanda mphepo. Ndinatuluka chambuyo mpaka kunjira.

M'mawa mwake ndinapita ndi anzanga aja. Tinapeza mzere umodzi wothyoledwa wonse, wotsatira wosakhudzidwa, wina wothyoledwa, choncho mpaka kumapeto. Tsinde ngakhale limodzi silinathyoke. Mbuzi kapena mbala sizithyola mwaulemu chotero.

"Wakusiyirani gawo lanu," anatero. "Musakane."

Ndinathyola zotsalazo iwo ataima pambali panga. Kunyumba ndinaphika ndi anyezi. Amuna anga anadya n'kupempha zina, akuti zikuwakumbutsa kwathu. Ine ndinaika supuni imodzi m'kamwa, ndinamva mchenga wa mumtsinje m'mano, ngakhale ndinali nditatsuka bwinobwino.

Dimbalo ndinalisiya chaka chomwecho. Tsopano ndimagulitsa masamba ochokera ku Angónia pamsika wa ku Chingodzi. Mayi aja amandidutsira nthawi zina akabwera kudzaona mwana wawo. Timakamba za matenda, za mvula, za ana. Akayamba kunena za kumtsinje, ndimadzuka kukawaza madzi pa kabichi.