A Mapewa ndi Mutu wa Ngolo ya Boti

Pa 9 Malichi, mwini kampani yokoka maboti anachotsa ntchito a Mapewa, ati amachedwetsa makasitomala.

Kuchedwa kwake kunali uku. Boti likakwera pangolo, mkuluyu sankalola galimoto kunyamuka asanayese kutukula ndi manja ake mutu wa ngoloyo, pamene imalumikizana ndi galimoto. Ukapepuka, ankasunthira botilo kutsogolo, chifukwa ngolo yopepuka kumutu imavina pamsewu mpaka kugubuduza galimoto. Ukalemera mopitirira, ankalibweza pang'ono kuti chiwongolero chisapepuke.

"Mukuthamangira kuti, achimwene?" ankatero akuseka, dalaivala akayamba kuliza hutala. "Madzi sathawa."

Anakalambira pantchitoyo mpaka msana kupindika, ndipo ngolo imene anaiyesa iwo sinagwepo. Lero angokhala pakhomo, manja ali lende. Bwana mwini kampani, tiyankheni poyera: munthuyu analakwa chiyani?