Mapasa Amene Kompyuta Inawayesa Mwana Mmodzi

Inu amene munalakwitsapo pantchito mpaka kulakalaka nthaka itakumezani, imvani za mayi wina amene anthu ankangomutchula kuti Wakuseri. Dzinali linabwera chifukwa tebulo lake linali kuseri kwa chipatala, m'kachipinda kopanda zenera.

Tsiku limene zinamuthina, namwino wamkulu anatulukira pakhomo pa kachipindako nkhope ili gwa.

"Pabenchi pali mayi wanyamula makanda awiri, koma kompyuta yanuyi ikudziwa mmodzi. Winayo tim'bwezere m'mimba?"

Wakuseriyu analephera mayeso a sekondale kawiri, n'kukhala zaka zisanu akukolopa m'chipatala momwemo. Kulemba mapulogalamu anaphunzira yekha pa nthawi ya nkhomaliro, pa kompyuta yakale yolira ngati chigayo. Tsopano anali m'miyezi itatu yomuyesa ntchito, ndipo kunatsala mlungu umodzi.

Ntchito yake inali yotere. Lachisanu lililonse azaumoyo oyenda m'madera ankatumiza mayina masauzande a ana olandira katemera. Pulogalamu yake inkawalowetsa onse nthawi imodzi m'nkhokwe ya pakompyuta, momwe mwana aliyense ali ndi khadi lake. Lamulo linali limodzi: mwana ukam'peza, konza khadi lake, ukapanda kum'peza, mtsegulire latsopano.

Koma pofufuza mwanayo, pulogalamuyo inkangoyang'ana dzina ndi tsiku lobadwa. Iye anaiwala kuti khanda limene silinapatsidwe dzina limalembedwa m'dzina la mayi ake. Ndiye mapasa, dzina limodzi, tsiku limodzi. Wachiwiri ankangogwera pa khadi la woyamba, ndipo mmodzi akaphonya katemera panalibe womulondola.

"Lachisanu likubwerali zikakhala chonchibe, chokolopera chanu chikadalipo, mayi," anatero bwana wa mu ofesi.

Zinamuwawa, ndipo analibe womudandaulira. Anzake okolopa aja ankati walira mvula walira matope. A mu ofesi nawo ankamupatsa moni wa pamphuno. Amati mutu umodzi susenza denga, koma mutu winawo akanautenga kuti? Analira pang'ono chitseko chili chotseka, kenako anapukuta nkhope n'kupita kosungira mabuku akale.

Masiku awiri anakhala m'fumbi akutsegula mabuku a azamba. Momwemo anapeza kuti khanda lililonse limapatsidwa nambala yakeyake likangobadwa, ndipo nambalayo inkabwera m'mindandanda ya Lachisanu ija, kungoti panalibe woilabadira. Anasintha pulogalamu kuti izifufuza ndi nambala. Ulendo uno sanathamangire nkhokwe yeniyeni, anayamba wayesa pa kope la nkhokweyo. Lachitatu zinakanika, chifukwa kompyuta inkadya ziro woyambirira wa nambala. Anakonza. Lachinayi zinakanikanso pa ana obadwira panjira, amene analibe nambala, ndipo anawapangira mndandanda wapadera woti munthu aone ndi maso.

Lachisanu m'mawa anadina batani. Makhadi masauzande anakonzeka m'kanthawi kochepa, ndipo panatseguka makhadi khumi ndi anayi a mapasa amene sankadziwika. Anawalemba papepala n'kukapereka yekha kwa namwino uja.

Namwinoyo anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsika ndi mzere.

"Atatu mwa awa sanabayidwe katemera wa chikuku. Ndikuimbira amayi awo pompano." Anatukula maso. "Achemwali, mwadya koma?"

Chiyambire ntchitoyo, aka kanali koyamba kuti munthu amufunse zimenezo. Madzulo ake bwana anamupatsa kalata yomulemba ntchito yokhazikika, osanena zambiri, pakuti mabwana ena kupepesa kumawatsamwa.

Owerenga anga, cholakwa chija chinali chake ndithu, ndipo sanachikane kapena kuchikankhira kwa wina. Akanathawa ndi manyazi, ana atatu aja bwenzi mpaka lero palibe wowafunafuna. Nanunso mwina muli panokha m'kachipinda kanu, popanda wokuomberani m'manja. Bwererani pomwe munalakwitsa paja, mufufuze mpaka mupeze chinavuta. Musataye mtima, pali wina amene akudikira kuti mukonze.