Funsani Kaye Ngati Wadya

A Mawayilesi, mkulu wa khomo loyandikana ndi Mayi a Mapasa, anasiya kale kukonza mawayilesi, koma dzina linawakanirira. Sathamanga, ngakhale nyumba ikupsa. Chipangizo chikafa amayamba achinunkhiza, kenako amati, "Makina ali ngati mwana. Musanamukwapule, funsani kaye ngati wadya."

Loweruka lina Mayi a Mapasa anawagogodera. Mwana wawo wamkazi ankakwatiwa kutali ndipo ukwatiwo ankauonetsa pa intaneti, koma tsambalo silinkatseguka pakompyuta. Anali atazimitsa, kuyatsa, kuzimitsanso, koma ayi ndithu.

"Bambo, fulumirani chonde! Alowa kale m'tchalitchi!"

Mkuluyo sanaikhudze n'komwe kompyutayo. Anaima pakati pa balaza n'kukweza mphuno.

"Mukununkha nsalu yotentha muno. Mwasita, mayi?"

"Ee, diresi ndavalali. Ndingaonere ukwati wa mwana wanga nditavala zamakwinya? Bambo, nthawi!"

A Mawayilesi anagwada pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kusuzumira kuseri kwa kabati. Pasoketi panali patalumikizidwa simbi, nthambo ya kabokosi ka intaneti ili gone pansi.

"Simbi yadya chakudya cha mnzake," anatero akubwezera nthamboyo.

Timagetsi ta kabokosiko tinayamba kuphethira kamodzikamodzi. Mayiwo maso ali dwii pakompyuta. Tsamba linatseguka mkwatibwi akutambasula chala kuti avekedwe mphete.

Mayi a Mapasa anaimirira n'kuwongola diresi lija ndi manja onse awiri.

"Ndafika, mwanangu," ananong'ona.

Kumbuyo kwawo, A Mawayilesi anavula chipewa monga amachitira akalowa m'tchalitchi.