Nsapato za Mpira za Alongo Anga

Ndikamva fungo la polishi ndimakumbukira Loweruka lina kwathu ku komboni ya Kamitondo, ufulu utangobwera kumene. Alongo anga anayambira mpira kusukulu mpaka timu ya kumgodi inawalemba ntchito. Tsikulo anali pakhonde, mwendo uli m'chikhakha, atathyoka pabwalo. Ine ndinkawapukutira nsapato zawo za mpira monga ndinkachitira sabata iliyonse.

Kunabwera bambo wina wa kutimu panjinga. Sanakhale pansi n'komwe.

"Pepani, nsapatozo ndi za kampani," anatero. "Pali mnyamata wina woti azivale lero."

"Apatse, mlongo wanga," anayankha alongo anga, osandiyang'ana.

Ndinali nditapukuta imodzi yokha. Bamboyo anazimangirira pahandulo nanyamuka zikugundana. Kenako alongo anga anandituma kuti ndikazimitse wailesi mpira usanayambe.