Mkamwini Amene Anathila Madzi pa Moto wa Malilo

Ine sukulu ndinalekela giledi foo, koma kulemba za Haswell Mtonga sikufuna satifiketi. Munthu ameneyu ndi mkamwini wathu. Anakwatila Towela, mwana wa mkulu wanga Ezron Zimba, ndipo chilowele m'banja mwathu sindinamuonepo akuyang'ana pamene akuponda. Khosi lake lili ngati la nkhuku yomwa madzi.

Anabadwila ku Mphamba. Ali wachinyamata anagwila ganyu kwa anthu opima misewu, ntchito yake kugwila ndodo ya mizelemizele n'kuima padzuwa. Tsiku lina kapitawo anamulola kusuzumila m'makina aja a miyendo itatu, basi matenda anayambila pomwepo. Masiku ano amakonza njinga pamsika wa Lundazi. Kukonza amakonza bwino, apo sindingamunamizile. Koma ukamusiyila njinga, makutu ndiwo amavutika. Iwe wabwela ndi tayala lophwa, iye akukuuza kuti nthanda ya m'mawa ndi nyenyezi yowala ija ya madzulo ndi imodzi yomweyo. Wakufunsa ndani?

Mphunzitsi wina wa ku Lusaka posamuka anamusiyila paipi yoonela nyenyezi. Haswell mwiniwake amati telesikopu, ndipo akakumva ukuti paipi amatupa ngati finye, nchifukwa chake ine ndimati paipi. Anayambitsa kalabu: nesi mmodzi, aphunzitsi awili, ndi wina wogulitsa zovala za salaula amene ndikuganiza amatsatila nesiyo. Lachisanu lililonse amakwela pachulu kuseli kwa bwalo la mpila. Lamulo lawo ndi limodzi, kuti kuwala ndi mdani. Tochi zimitsa, foni m'thumba. Wakangana ndi osaka mbewa chifukwa cha utsi wa tchile, wakangana ndi mayi wa pagolosale chifukwa cha babu la sola. Ine anandizimitsa ndudu, ndikungodutsa panjila ya makolo anga.

Chaka chatha anayamba kulengeza tisanakolole n'komwe, kuti tsiku lakutilakuti mu Seputembala kudzakhala kadamsana, mwezi udzafiila dzuwa likangolowa. Anawelenga masiku ngati mayi wapakati. Ndiye mkulu wanga Ezron anamwalila kutatsala tsiku limodzi. Malemuwo sanamukonde Haswell ali moyo, ndipo ine ndimakhulupilila kuti tsikulo anachita kusankha.

Towela amamudziwa mwamuna wake. Anamukokela kuseli kwa chigafa cha fodya, osadziwa kuti ine ndili mkati mwake kubisala dzuwa.

"A Mtonga, chokulunga m'chitenje chili panjinga chija ndachiona. Mukachimasula pamalilo a adada, kunyumba kwanu mubwelela nokha."

"Yayi, NyaZimba, ndangoopa akuba. Sindichikhudza."

Madzulo a tsiku la kadamsanalo azimayi anali m'nyumba kuimba, ife amuna panja kuzungulila moto. Kwathu kuno moto wa malilo ukayaka palibe amauzimitsa, umazilala wokha zonse zikatha. Nkhuni zake anatema Haswell yemweyo, monga mkamwini. Anakhala pansi, mutu wazolika, manja pamaondo. Akuluakulu anayamba kunong'onezana kuti mwamunayu wakula tsopano. Zimenezo zinandiwawa. Nditacheuka kum'mawa ndinaona mwezi utalumidwa mbali imodzi ngati chitumbuwa.

"A mkweni," ndinatelo kwa mkamwiniyo, "kodi ndi maso anga aukalamba, kapena mwezi wanu uja ayamba kuudya?"

"Adada, tili pamalilo."

"Eya, khalani ndithu. Udzabwelanso tonse titafa. Kaya anzanu a kuchulu akuona zotani pakali pano. Koma inu khalani."

Anapilila, apo ndimupatse ulemu. Koma mwezi utasanduka ngati njelwa yowotcha, ananyamuka ngati wopita kukataya madzi. Posakhalitsa tinamva miyendo itatu yoimikila paipi ija ikuti kwete kwete pafupi ndi khola. Akanathela pomwepo, mwina tikanati sitinaone. Koma moto unali waukulu, nkhuni zake zomwe, ndipo malawi amamuthobwa m'maso. Zaka khumi wakhala akuzimitsa nyale za anthu, dzanja linazolowela. Anabwela chothamanga, ananyamula ndowa ya madzi osamba m'manja, khuthu pamoto!

Phulusa linauluka mpaka m'ndevu za a mkulu wa mpingo. Nyimbo m'nyumba inadukila pakati. Mumdima umenewo mwezi unaima pamwamba pa denga la malemu, wofiila psu, ndipo chitsilu chija chinali kufuula: "Onani! Onani tsopano!"

Towela anatuluka, duku lili m'manja. Sanakuwe.

"Mwauona, a Mtonga?"

"Bwela, NyaZimba, uike diso apa, mphindi imodzi chabe..."

"Uoneni bwino. Ndiwo ukuphikileni mawa."

Anabwelela m'nyumba. Moto tinakapala wina kwa aneba, chinthu chimene chibadwile sindinachionepo pamalilo.

Titaika malilo, akuluakulu anamugamula mbuzi. Anabweletsa yonona, tinadya, ine ndinapatsidwa chiwindi. Mlandu wa mudzi unathela pamenepo. Koma wa Towela sunathe. Akhala kwa amake mpaka lelo. Haswell amabwela Sande iliyonse ndi paketi ya shuga, amakhala pansi pa mango. Towela amatuluka, amagwada patali, "Monile," ngati akulonjela wogula nshawa, n'kulowanso.

Mwezi watha anandipeza kumunda, chipewa chili m'manja.

"Adada, ndinu mwatsala m'malo mwa malemu. Kandilankhulileni."

"Ndamva, a mkweni. Ndiganizepo."

Ndikali kuganiza. Koma sabata yatha Towela anandipempha kuti ndimumangile nkhokwe yakeyake pano pa atate ake, mvula isanagwe. Mitengo ndadula kale.