Tebulo la seveni pa maliro a asibweni

Ndinadzuka kunja kudakali mdima, osati chifukwa cha chisoni ayi, koma chifukwa mayi wina wojintcha anandigonera mwendo. Akazi tonse tinagona pabalaza, pamikeka, mothithikana ngati matumba a makala, bokosi la asibweni lili pakati. Asibweni ndiye kuti malume, kwa inu a kumwera. Ndakhala pakhomo pawo ku Chiputula kuyambira ndili kamwana, mayi anga atanditumiza kutawuni kuti ndiphunzire. Pano ndili fomu 3.

Panja kunkazizira kuzizira kwa Mzuzu kwenikweni, chifunga chitaphimba mpaka chimbudzi. Amuna anali atazungulira moto, ena akuwodzera majekete ali kumutu. Usiku wonse anaimba anali oyandikana nafe okha, mawu osagwirizana, aliyense nyimbo yake. A mpingo sanabwere kudzachezera, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake.

Asibweni anali mphunzitsi wa pulayimale. Masiku amenewo matebulo a masamu ankaphunzitsa ndi kapaipi ka madzi kodula. Ine tebulo la seveni linandilowa kudzera m'miyendo, zipsera zilipo mpaka lero kuseri kwa bondo. Atapuma ntchito anamanga tizipinda kuseri kwa nyumba n'kumachititsa lendi ana a kuyunivesite, monga akuchitira aliyense amene ali ndi kamalo masiku ano. Anyamata a m'tizipindamo ndi amene anawaonetsa kuti pa laputopu munthu akhoza kupanga katuni. Basitu nkhalamba inatembenuka mtima. Inapanga mbuzi yovala tayi, yovina, yoimba matebulo ndi mawu a asibweni eni ake. Masana aliwonse ana a dera lonse ankadzaza pakhonde kuonera pa TV, kuimba ndi kuwomba m'manja. Iwowo mbuzi yovina, ine kapaipi.

Vuto linali lakuti asibweni sankatha kupeka nyimbo. Anangotenga maimbidwe a nyimbo za m'buku la kutchalitchi, n'kuchotsamo mawu, n'kuikamo manambala. Akulu a mpingo atamva ana akuimba masamu m'nyimbo za mgonero, anawadula, ndipo anamwalira asanabwezeretsedwe. Kwathu kuno munthu woikidwa popanda mpingo amati waikidwa ngati galu. Azakhali, akazi awo, amene akhala akuvala yunifolomu yoyera ya amayi a mpingo ine ndisanabadwe, anayenda mumvula khomo ndi khomo kugwadira akuluakuluwo. Akuluakuluwo anavomera madzulo a dzulo lake. Mkulu wa mpingo, bambo wamtali wa ambulera yakuda, anati adzabwera m'mawa, adzaimba, ndipo abusa adzapemphera kumanda. Kenako anawonjezera kuti, "Koma tikangomva masamu m'nyimbo ya Mulungu, tinyamuka." Ndinamva ndekha, ndikuwathirira tiyi. TV anaikiyira kuchipinda, anyamata a lendi anauzidwa kuti malaputopu asatsegule.

Kutacha, moto unayaka kuseri, mafuwa ali mndandanda. Amayi ankadula kabichi m'mabafa, ena akusankha nyemba, utsi wa nkhuni zonyowa ukutiliza tonse, moti ine ndinaoneka ngati wolira kwambiri. Anthu anayamba kufika, a ku Masasa oyenda pansi, a ku Salisbury Lines pa kabaza, abale a kumudzi pa lole, matope mpaka m'mawondo. Kamvula kowaza kanayamba, kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Kenako a mpingo anatulukira, amayi ovala zoyera ali pamzere. Azakhali atawaona analira kulira kwina, kwa munthu amene watula katundu, ndipo koyamba chimwalirireni amuna awo analandira kapu ya tiyi.

Oyankhula anayamba. Wa kuchimuna, wa kuchikazi, wa aphunzitsi opuma, onse mawu amodzimodzi: malemuwa anali wokonda ana chomene, ndiye kuti kwambiri. Mbuzi ija palibe anaitchula. Kapaipi nakonso palibe anakatchula. Kuseri kwa bondo langa kunayamba kuyabwa.

Ananditumiza kukatunga madzi. Pampopi ndinapeza ana a pakhonde aja ataunjikana, mamina ali chuchuchu, chifukwa anali atathamangitsidwa pamaliro.

"Asisi Temwa, a ticha apita nthawi yanji?" anandifunsa kamnyamata kena.

"Mukufuna kuwatsanzika?"

"Atithamangitsa."

"Ndiye mukaime pamulu wa mchenga paja akumanga hositelo. Galimoto ikamadutsa, amayi akayambitsa nyimbo, inu muimbe mokweza momwe anakuphunzitsirani."

Kamtsikana kena kanandiyang'ana maso ali tong'o. "Akamva?"

"Chomene. Koma wina akalakwitsa adzuka."

Panatsala kanthu kamodzi. Akulu a mpingo anali atasankha nyimbo zomwe asibweni sanazikhudze. Koma woyambitsa nyimbo tsiku limenelo anali gogo wina wa ku Masasa, wa mawu akuthwa ngati wezulo, amene za katunizi sankazidziwa. Ndinamugwadira mwaulemu wonse, chitenje ndachikoka bwino, n'kumunong'oneza kuti azakhali apempha nyimbo yakutiyakuti tikafika pa hositelo, chifukwa malemu ankaikonda. Inali ija anaikamo tebulo la seveni. Ndinamuimbira pang'ono poyambira pake. Anandisisita kumutu. "Yewo mwana wane, uli ndi khalidwe."

Tinanyamuka dzuwa lisanaonekebe. Bokosi linali pa pikapu yoyenda pang'onopang'ono, nkhata zili pamwamba, amayi ovala zoyera ali mbali zonse, azakhali atagwirizizidwa ndi anzawo awiri. Ogulitsa m'timaokala ankatsitsa wailesi, a kabaza ankatsika panjinga. Kunena zoona unali ulendo wokongola. Ndinaona azakhali akudzutsa mutu kuyang'ana anthu a m'mbali mwa msewu, kuti anthuwo aone bwino kuti mpingo ulipo.

Titafika pa hositelo, gogo uja anakweza mawu. Amayi ena analandira mwachizolowezi asanaganize. Mkulu wa ambulera anatembenuka msanga, koma anachedwa. Pamulu wa mchenga panaphulika mawu, ana onse pamodzi, ena akuvina ngati mbuzi ija, kugwedeza tayi yomwe analibe:

"Seveni taimusi wanu, seveni! Seveni taimusi thuu, fotini!"

Ndinabisa nkhope m'chitenje. Mayi amene anali pafupi nane anandigwira paphewa n'kunena kuti limba mtima mwanawe. Nthiti zinkandipweteka.

Amayi anasiya kuimba mmodzimmodzi. Gogo uja anapitiriza yekha kanthawi, akudabwa kuti bwanji anzake amuthawa. Anyamata anathamangira anawo ndi timitengo, koma ana anangokwera pamwamba pa njerwa osasiya kuimba, poopa kuti a ticha adzuka. Amisiri amene ankamanga khoma anayamba kuseka, wina mpaka kuwomba m'manja. Pikapu inaima.

Mkulu wa mpingo anatseka buku lake la nyimbo n'kuliika m'thumba la jekete. Azakhali anadziponya m'matope, yunifolomu yoyera ija, n'kumugwira mwendo wa thalauza.

"Adada, ndi ana awa. Sakudziwa kanthu."

"Amama, tinagwirizana."

"Tatsala pang'ono kufika, adada. Pempherero lokha. Lokha basi."

Bambo uja anachotsa dzanja lawo pathalauza pake chala chimodzichimodzi. Abusa, mnyamata ndithu, anayang'ana bokosi, anayang'ana mkuluyo, n'kumutsatira. Amayi ovala zoyera anapatuka nawonso, ngakhale awiri aja amene anagwiriziza azakhali, maso ali pansi ngati ataya singano. Mmodzi anabwerera, ndinaganiza kuti wamva chisoni, koma anadzangotenga nkhata ya mpingo pabokosi. Nthawi yonseyi ana anali akuimbabe. Anafika mpaka seveni taimusi thwelofu, eyite folo, osaphonya ngakhale pamodzi. Ine pa msinkhu wawo sindinkadutsa fote naini.

Kumanda tinafika ochepa, opanda nyimbo, kumangomveka mapazi m'matope. Okumba manda ankafulumiza chifukwa madzi anayamba kulowa m'dzenje. Panafunika wopemphera. Amuna ankayang'anana. Pomaliza anakankhira kutsogolo mmodzi wa anyamata a lendi, yemwe uja anathandiza asibweni kujambula mbuzi. Anayamba m'Chichewa, anasochera, analowa m'Chingerezi, anathokoza Mulungu chifukwa cha chakudya, n'kunena ameni. Dothi linagwa pabokosi. Azakhali sanalire. Anaima chilili, matope atamatirira pamawondo, akuyang'ana njira yomwe tinadzera.

Pobwerera tinapeza a mpingo atatumiza kale anyamata kudzatenga mabenchi awo, moti anthu anadya ataimirira n'kumwazikana msanga. Nyemba zinatsala mapoto athunthu. Ine ndinadya kawiri. Abale a kumudzi anakwera lole yawo akukangana kuti anaitana anawo ndani. Ena ankati ndi anyamata a lendi, ena ankati ndi mzimu wa malemu umene sunafune kulapa. Gogo wa ku Masasa anali atapita ndi gulu lake, ndipo kwa iye ana a sukulu tonse nkhope ndi imodzi.

Madzulo nyumba inali zii. Phulusa lokha panja, mikeka itapindidwa pakona, pakati pa balaza pali mpata pomwe panali bokosi. Mwamwambo wake amayi a mpingo amabwera madzulo a tsiku loika kudzakhala ndi wamasiye ndi kupemphera naye. Azakhali anakhala pampando woyang'ana kukhomo, osavula yunifolomu, chitseko atachisiya chotsegula ngakhale mphepo inkalowa. Njinga ikadutsa pamsewu ankadzutsa mutu.

"Temwa, tayang'ana kugeti. Ngati ndamva anthu."

Ndinapita, ndinaima pang'ono, ndinabwerera. "Kulibe munthu, azakhali."

"Mwina ndi mvulayi."

"Mvula yasiya kale," ndinatero. Kenako ndinatseka chitseko, chifukwa ine ndinkamva kuzizira.